Mimba Imodzi, Akazi Awiri

LOLEMBA

Dziko likhale chete, ndilankhule.

Ine, mwini mimba yodziwika kuyambira ku mtsinje wa Lúrio mpaka pa frontera, pa malire a ku Mandimba. Mwamuna wa akazi awiri ndi mano owerengeka koma okhulupirika. Munthu amene ndinakwera sukulu mpaka kalasi yachitatu, aphunzitsi n'kundikonda kwambiri moti anandisunga momwemo zaka zingapo. Ineyo, lero ndagwetsa boma la diyeta. Kuyambira tsopano wolamula ndi mimba.

Ndikulemba kuti adzukulu akadzafuna kundimangira chipilala asadzavutike kusaka mawu.

Chiyambi chake ndi mawondo. Anayamba kulira ngati chitseko cha bafa. Nfermeru, namwino wa pa chipatala chathu, sanawayang'ane n'komwe mawondowo. Anandiyang'ana pamimba n'kuti, "Agogo, njinga ndi yakale, katundu wachuluka." Basi, diyeta.

Tsoka lake, diyeta imodzi inagwera m'nyumba ziwiri.

Ku Mandimba kuno, kwa mayi wamng'ono, Abiti Mussa: chigwada chopanda mchere, chopanda mafuta, chopanda chisoni. Kansima ngati dzira la nkhunda. Chonsecho eni ake amakazinga mandasi ogulitsa pa paraje, paja pamaima mashapa, maminibasi a kwathu kuno. Nyumba yonse fungo la mafuta, ine pakhonde kubzikula masamba ngati mbuzi ya munthu wosauka.

Ku Ngauma, kwa mayi wamkulu, Abiti Saide: akuti diyeta ndi chiwembu cha mkazi mnzawo chofuna kundiumitsa ndili moyo. Ndiye kumeneko mbale imabwera ngati chulu.

Masiku a ku Mandimba ndimafota. Masiku a ku Ngauma ndimafufuma. Lamba wanga sakulidziwanso bowo lake.

Dzulo ndinali ku Cuamba kwa Asiyatu, mwana wanga wa kwa mayi wamkulu, amene naye ndi nfermera. Wamvetsera madandaulo anga, wagwira mutu.

"Ababa, za diyetazi zisiyeni. Njala ikabwera, idyani. Mukakhuta, lekani, ngakhale mbale isanathe. Muzimvera mimba yanu, basi."

Ndamufunsa ngati zimenezi ndizo anaphunzira ku sukulu ija ndinagulitsira mbuzi. Akuti inde. Mbuzi zanga!

Komabe mawuwo andikoma. Malamulo a boma latsopano ndi awa:

njala ikagogoda, nditsegula;
ikatsanzika, ndisamba m'manja;
mkazi, nfermeru ndi wotchi alibepo mawu.

Mu shapa yobwerera ndayamba kale ntchito. Taima panjira, amayi a nthochi atizinga m'mawindo. Ndafunsa mimba. Zii. Ndanyada kwabasi. Kenako mnyamata wa pambali panga watsegula pepala, muli ntchafu ya nkhuku. Mimba yakuwa. Kodi imeneyi ndi njala kapena kaduka? Asiyatu sanafotokoze.

Madzulo ndalengeza boma latsopano kwa Abiti Mussa. Amvetsera akukanda ufa wa mandasi a mawa.

"Wanena ndi mwana wa ku Ngauma?"

Funso ndi lomwelo. Apitiriza kukanda ufa wawo. Ndagona ngati pulezidenti.

LACHIWIRI

M'mawa. Tiyi wa shuga! Mandasi otentha pambali! Abiti Mussa aika pamphasa n'kuti, "Poti diyeta yatha, tione."

Miyezi yonseyi ndakhala ndikulota mandasi amenewa. Ndafunsa mimba. Ikugona. Ndaigwedeza. Ikugonabe, galu ameneyu.

Lamulo ndi lamulo. Ndati, "Nthawi siinakwane, mayi."

Tiyi wazizira akundiyang'ana. Achotsa zonse, atseka khitchini ndi loko, asenza beseni, ulendo ku paraje.

Sanafike n'komwe pa mseu, mimba yadzuka. Yadzuka ndi ukali ngati mlonda amene amubera ali mtulo. M'nyumba monse chodyeka chomwe ndapeza:

mtedza wa mbewu, wa mankhwala;
anyezi theka;
sopo.

Ndadya anyezi. Boma lililonse limayamba ndi mavuto.

Masana abwera msanga. Aphika karapau wa tomato, mafuta akuyandama pamwamba ngati pa ukwati. Nsima yoti munthu n'kubisala kuseri kwake. Bisimila. Ndayamba bwino, pang'onopang'ono, khutu lili pamimba monga anandiuzira mwana.

Pakati pa ulendo, ndamva kamawu: kwakwana.

Zoona! Imalankhuladi! Imvi zonsezi ndakhala ndi mlendo m'thupi osamupatsa moni. Ndasamba m'manja mwaulemu. Nsima yatsala theka, nsomba yatsala kuyambira pakati mpaka kumchira.

Apa ndiye pamene sukulu ya Asiyatu inaiwala phunziro limodzi. Kwathu kuno mkazi amawerenga mbale monga shehe awerengera kitabu. Mbale yoyera, banja lili bwino. Mkute ukatsala, ndiye kuti mwamuna wadya kwina, kapena mtima wake wanyamuka kale, changotsala ndi thupi.

"Mchere wachuluka?"

Ayi.

"Nsomba yanunkha?"

Ayi, mayi, yakoma zedi.

"Nanga malo mwasiyawo mwasiyira ndani?"

Ndafotokoza za kamawu kaja. Akuti kamawuko akukadziwa, kamakhala ku Ngauma, kamavala mpango wobiriwira.

Ndati ndiseke kuti mpweya ulowe. Ndaseka ndekha.

Choipa china: Che Jafali, wa kabaza, anali pabwalo kupopa tayala ndi pampu yanga. Bambo ameneyu njinga yake imayenda pang'onopang'ono koma pakamwa pake pamafika dzulo. Waona mbale ikubwerera ku khitchini ndi nsomba yake. Watukula nsidze. Akuti madzulo ano ali ndi katundu wopita mbali ya Ngauma.

Chakudya cha madzulo: mkute womwe uja, wozizira, ndi mchira womwe uja. Waikidwa pamphasa. Mimba yati idya. Ndadya. Palibe wandiyamikira.

LACHITATU

Lero ndi tsiku losamukira ku Ngauma. Abiti Mussa sanandipatse kamba wa panjira. Akuti, "Kumene mukupitako akudziwa nthawi ya mimba yanu."

Shapa yanditula pa mphambano, kotsalako ndi kwa miyendo. Dzuwa likukwera, mawondo akuimba nyimbo yawo. Ndipo njala yabwera. Yeniyeni! Yosachita kufunsa! Pansi pa mtengo pali mayi akuotcha chinangwa. Chinangwa cha ufa, chong'ambika chokha, ndi kamchere ka tsabola. Pambali chigubu cha thobwa.

Njala yagogoda, ndatsegula. Ndadya. Ndamwa. Kamawu kati kwakwana, ndaleka. Alihamdulila!

Kwa nthawi yoyamba boma langa layenda monga mwa malamulo ake. Ndayenda njira yotsalayo ndikuimba mluzu. Ndimaganiza zoti mwina ndiyambe kuphunzitsa anthu pa msika, azindipatsa kangachepe.

Ndafika pabwalo pa Abiti Saide. Nthenga. Nthenga zofiira paliponse.

Tambala uja. Tambala amene anakana kumupha pa Idi, amene anakana kumupha atabwera akuchimwene awo, amene ine ndinkati adzatiika m'manda tonse. Ali mu mphika.

Eni ake avala kapulana, chitenje chatsopano. Pabwalo asesa mpaka kuseri. Amayi oyandikana nawo akupezeka ndi zifukwa: wina wabwera kudzapala moto, wina kudzabwereka sefa, wina wangoima.

Che Jafali anafika dzulo. Uthenga umene anatula ndi wakuti madala akana chakudya cha ku Mandimba, akuti dzanja lomwe amalidziwa ndi la mayi wamkulu basi.

Zaka zonsezi Abiti Saide akhala akudikira tsiku limeneli.

Mphasa. Madzi osamba m'manja, ofunda. Mpunga, osati nsima. Tambala yense, chiwindi ndi nthutumba zaikidwa pamwamba kuti ndizione.

Ndafunsa mimba. Yatseka ngati frontera pa tsiku la tchuthi. Chinangwa chakhala pakhomo, thobwa ndiye mlonda.

Kale ndikanadya. Ndadyapo pa maliro atatu tsiku limodzi, ine. Koma munthu ukakhala ndi mfundo umapusa mwadongosolo. Ndatenga phiko limodzi, ndalikukuta, ndasamba m'manja.

Amayi aja ayang'anana. Uja wa sefa waiwala sefa.

Ndati, "Tambalayu adikire madzulo, mayi. Sathawanso."

Nthabwala yabwino ndithu. Yafera m'malere.

Abiti Saide agwada kuti atenge mbale. Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

"Ku Malawi kuja, tili pa msasa wa othawa nkhondo, ndinkakusiyirani nandolo zanga n'kumati ndadya kale. Nthawi imeneyo sindinkafunsa mimba yanga. Ndinkafunsa yanu."

Atero, atenga tambala, amugawa kwa oyandikana nawo onse, poyera, chiwalo chiwalo. Chiwindi chapita kwa uja wongoima.

Madzulo mimba yatsegula. Kunja kuli fungo la tambala wanga kuchokera m'nyumba zinayi.

LACHINAYI

Kwacha. Palibe tiyi, palibe phala, palibe madzi ofunda.

Ndafunsa mwaulemu. Akuti, "Sindinaimve ikuitana."

Ikuitana! Ikulira ngati mbuzi yomangidwa pa dzuwa! Ndapita kukaima pakhomo pa khitchini, cham'mbali, mimba ndaloza kwa iwo kuti aimve okha. Yalira kolokolo, mokweza bwino.

"Ndakalamba ine, bambo a Asiyatu. Makutu anafa."

Makutu omwewo amamva ndikatsegula chitini cha shuga ndili kuseri kwa nyumba.

Ndati mwana wanu yemwe ndiye anandiphunzitsa. Akuti mwana wawo anayamwa bwino, sanganene zopusa. Akuti nzeru zimenezi zikununkha mafuta a mandasi. Taonani! Ku Mandimba mlandu ndi wa Ngauma, ku Ngauma mlandu ndi wa Mandimba. Mimba ili pakati ngati mudzi wa pa malire, mbali zonse ukulipira msonkho.

Ndakwera pa chulu cha kuseri kwa mzikiti, pokhapo pamene foni imagwira. Mawondo atukwana makolo anga. Asiyatu wayankha ali pa ntchito.

"Ababa, afotokozereni bwinobwino amayi, amva."

Amva! Mwanayu anabadwira m'nyumba imeneyi koma ngati mlendo.

Ndamufunsa kuti njala yeniyeni ndiidziwa bwanji. Akuti yeniyeni imabwera pang'onopang'ono, ya m'maso imabwera mothamanga. Ndati yanga imabwera ndi abale ake. Akuti pali wodwala, wadula.

Ndakhala pa chulupo ndikuganiza, poti kutsika n'kovuta. Amene akhala akulamula njala yanga chibadwire ndi awa:

mayi anga, ndi chikombe chawo (chipande, osati chikombe; njala ikundisokoneza);
nkhondo;
bambo wa sikelo pa msasa, amene ankagawa ufa ngati akuchotsa m'thupi mwake;
mvula;
mwazini, woitanira anthu ku mzikiti, pa mwezi wa Ramadani;
Abiti Saide;
Abiti Mussa;
nfermeru.

Ine mulibemo. Mimba yanga inakulira m'manja mwa anthu ngati mwana wamasiye, ndipo inaphunzira lamulo limodzi lokha: chikapezeka, idya, mawa sadziwika. Lero ati ndiifunse maganizo ake. Ukamufunsa kapolo wokalamba kuti akufuna chiyani, amayamba wayang'ana kwa mbuye wake.

Masana aphika ya munthu mmodzi. Ayeza ufa ndi diso ngati wa pa golosale. Adyera m'khitchini, chitseko chili chotsegula kuti ndione.

Ndathyola nzimbe ku dimba. Nzimbe, ndi mano angawa! Nkhondo yake inali yoti anthu alipire poonera. Dzino limodzi la kutsogolo tsopano likugwedera, likuganiza zopuma pa ntchito.

Chiyembekezo chilipo. Mawa kuli sadaka ya malemu achimwene anga, kwa alamu anga Abiti Ali, mkazi amene anamusiya, mudzi wa kutsidya kwa dambo. Mbuzi yamangidwa kale. Akazi anga onse awiri ayenera kukathandiza ntchito, poti ndi maliro a kuchimuna. Abiti Mussa adutsa madzulo ano pa kabaza ya Che Jafali, nkhope kumbali, kukagona komweko.

Mawa ndikaonetsa dziko mmene munthu wophunzira amadyera: modekha, momvetsera, moleka pa nthawi yake.

LACHISANU

Ndilembe msanga ndisanaphulike.

Titatuluka mu mzikiti, tonse ulendo kwa alamu. Shehe awerenga duwa, pemphero la malemu. Yaitali. Achimwene anga anali munthu wamachimo ochepa, sindikudziwa chimene amatalikitsira. Mimba yanga imayankha amina isanakwane nthawi.

Kenako mathireyi. Mpunga woyera ngati thonje, mbuzi pamwamba, msuzi ukutsikira m'mbali. Amuna takhala m'magulu, thireyi imodzi pakati.

Phunziro lachiwiri limene sukulu ya Asiyatu inaiwala: pa thireyi ya anthu ambiri, wofunsa mimba amapeza chitsulo. Ndatapa kamodzi, ndatseka maso kuti ndimvetsere. Potsegula, phiri lagumuka mbali ya Che Jafali. Munthu ameneyu amadya ngati akupalasa chitunda.

Pamenepo dzanja lalanda boma. Silinafunse aliyense. Dzanja lomwe lija la pa msasa, lodziwa kukumba ngalande pansi pa mpunga kuti nyama igwere mbali yako.

Kamawu kabwera: kwakwana. Ndakamva bwinobwino, ndisaname. Ndakauza kuti kadikire panja, tili pa mwambo.

Thireyi yathu itatha, ndaimirira kukapereka moni kwa akuluakulu a gulu lina. Moni wake wokhala pansi. Kenako ndakumbukira kuti gulu la pansi pa mango sindinalipepese.

Kamawu kasiya kulankhula. Kanyanyala.

Zikanathera pomwepo, bwenzi ndi mimba yokha yovutika. Koma munthu akakhuta pakamwa pamayabwa. Alamu anga akudutsa ndi ndowa, ndipo mlamu ndi munthu woseka naye, mwambo umalola. Ndakweza mawu kuti bwalo lonse limve:

"Alamu! Dzanja ndiye ili! Sabata yonse ndimafunafuna chakudya, lero ndachipeza. Achimwene anafa ndi chiyani akudya chonchi? Ndikanadziwa ndikanalowa chokolo!"

Amuna aseka. Shehe abisa pakamwa ndi kofiya. Ndamva kukoma.

Alamu atula ndowa.

"Ine ndangopereka nkhuni, alamu. Mpunga aphika ndi Abiti Saide. Mbuzi aphika ndi Abiti Mussa."

Kuseka kwasintha mtundu.

Ndacheuka. Mpanda wa udzu uli pomwepo, wobowokabowoka, ndipo kuseri kwake maso anayi. Akazi anga. Chikwatirire wachiwiri, awiriwa sanagawanepo ngakhale moni wathunthu. Pa maliro amakhala wina kum'mawa wina kumadzulo. Lero agwira mphika umodzi, wina akutsuka m'kati, wina kunja.

Abiti Mussa anong'oneza kanthu. Abiti Saide aseka.

Aseka! Kuseka kumeneko ndinakumva komaliza tisanathawe nkhondo.

Ndagwirizanitsa akazi anga. Mashehe analephera, ankhoswe analephera. Chipilala chija chikhale chachitali.

Pobwerera ndayenda chotang'adza ngati bakha. Ndagona pakhonde chagada, lamba ndamasula, ndikupuma ngati ng'ombe yodya chinangwa chowawa. Palibe wandifunsa ngati ndili moyo.

LOWERUKA

Bwalo la milandu, pakhonde pa Abiti Saide. Oweruza awiri, mphasa imodzi. Ine pa kampando kothyoka mwendo, kamene amakhalira ana.

Mboni sizinafunike. Mudzi wonse unalipo dzulo.

Milandu yake:

kusiya karapau wa mafuta;
kunyoza tambala amene anafera ine;
kudya mathireyi a anthu ngati wopanda kwawo;
kusazindikira dzanja la akazi anga, limene landidyetsa mpaka mawondo kulira;
chokolo.

Pa mlandu wachinayi ndayesa kudziteteza. Ndati kusazindikirako ndi umboni woti akaphika pamodzi zimaposa. Abiti Mussa akuti, "Mwamva, akulu? Akufuna tizimuphikira awiri." Akulu! Lachiwiri lomweli ankawatchula kuti a mpango wobiriwira.

Chigamulo apereka ndi mayi wamkulu.

"Mimba yanu ili ndi boma lake, tamva. Ife tatula pansi udindo. Ikakuitanani, ikuphikireninso."

Ndagwada. Ndi mawondo angawa, ndagwada, ndipo alira mokweza moti ndimayesa athandiza kupepesa. Ndapempha kuti diyeta ibwerere. Chigwada chopanda mchere ndichilandira ndi manja awiri. Kansima ka dzira la nkhunda ndikamaliza n'kunyambita mbale. Chulu cha ku Ngauma ndichigumula ngakhale ndife nacho.

Akuti mochedwa.

Ndipo apa ndakumbutsidwa chimene mwamuna wa kuno amaiwala akakhuta. Mudzi uno ndi wa akuchikazi, ine ndinangobwera ndi thumba. Nyumba ya ku Mandimba inamangidwa ndi mandasi, njerwa iliyonse. Zanga zenizeni pa dziko lapansi ndi izi:

wailesi yopanda mabatire;
jekete;
kofiya ziwiri;
pampu, imene ili kwa Che Jafali;
mimba.

Ndinkayesa ndili ndi nyumba ziwiri. Ndinali ndi mbale ziwiri. Mbale zachotsedwa, ndaona kuti pansi pake panalibe kanthu.

Abiti Mussa akuti kwawo kukubwera achemwali awo, malo adzaza. Abiti Saide akuti ndipite kwa alamu a dzanja labwino. Alamu, nditangotulukira pa dambo, atseka chitseko ndili kutali, ndamva ndi mpiringidzo womwe.

Ndabwerera, ndatenga jekete ndi wailesi. Ndatsanzika mokweza, kawiri. Ndayamba njira ya ku mphambano.

Koma tamverani. Ndafika pa munda wa chinangwa, kumene mudzi suonekanso, ndamva mapazi kumbuyo. Abiti Saide, akuthamanga ndi ukalamba wawo, mpango uli pambali. Andigwira jekete, alowetsa kanthu m'thumba. Mbatata zootcha, zokulunga m'kansalu, zotentha mpaka kuwotcha nthiti.

"Chitsiru chokalamba inu. Idyani, mungafere panjira anthu n'kumati ndine."

Abwerera osacheuka. Ndadya nditaimirira. Mimba sindinaifunse.

LAMULUNGU

Ndili pakhonde pa Che Jafali, ku Mandimba. Wandilandira poti akuti mlandu wina ndi wake. Wina! Wagona ndi pampu yanga, tambala wanga anamuphetsa ndi iye, nkhani yanga waigulitsa kale pa paraje ponse. Ndikadutsa, anyamata a mashapa akufuula, "Agogo, mimba yati chiyani lero?"

Ndikuwayankha kuti yati amayi awo. Zikundithandiza pang'ono.

Asiyatu anali ndi choonadi, ndimupatse zake. Njala yeniyeni imabweradi pang'onopang'ono. Imayamba ngati munthu wokhala patali pa maliro, kenako imasendera, kenako wapezeka yakhala pa mphasa yako. Palibe kuisokoneza ndi kaduka. Tsopano ndikuimva bwino kwambiri, m'mawa, masana, madzulo. Sindinayambe ndamverapo mimba yanga momveka chonchi. Chosowa ndi choti ndiiyankhe.

Zipatso za boma langa:

lamba wabwerera bowo limodzi;
mawondo apepukako, nfermeru akondwa;
dzino lija lagwa m'mawa uno, mwamtendere;
akazi anga akuti Lachisanu likudzali apitira limodzi ku msika.

Ndamuimbira mwana. Akuti, "Ababa, ine ndinati muzimvera mimba, sindinati muzinyoza amayi." Akuti ndikhoza kupita ku Cuamba mwezi wamawa, amuna ake akavomera. Mbuzi zanga zinapita ku sukulu, ine ndikudikira chilolezo cha mkamwini.

Akazi a Che Jafali andipatsa phala la mgaiwa, lopanda shuga, m'kambale ka mwana. Ndamwa lonse. Ndapala ndi chala. Ndanyambita chala. Ndayamikira dzanja lawo nditafunsa kaye kuti waphika ndani. Munthu amaphunzira, kungoti mochedwa.

Choncho ndikulengeza kuti boma la mimba latha. Linalibe asilikali, linalibe khitchini. Kumvera njala ndi nzeru yabwino kwa munthu amene mphika ndi wake. Ife ena timadya kuti atisunge.

Mawa ndikaima pa mzere pa paraje ngati mlendo, ndikagule ndasi limodzi kwa mkazi wanga. Ndikalidyera pamaso pake, pang'onopang'ono, mpaka nyenyeswa, njala ikhalepo isakhalepo. Akandiyang'ana, ndiye kuti khomo lilipo. Akayang'ana wotsatira, ndikafunsa shehe ngati mzikiti ukufuna mlonda.

Chimodzi ndikonze, poti adzukulu adzawerenga. Za mbatata za dzulo zija ndapeka. Abiti Saide sananditsatire. Ndinaima pa munda wa chinangwa nthawi yaitali, nditawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato, chonsecho ndavala patapata. Mthunzi unasuntha. M'njira munadutsa mbuzi yokha.

Koma zinali zotentha bwino, mmene ndinazilembera.